Bud Spencer ndi Terence Hill: Ataliyana awiri amene anasandutsa ndewu kukhala nthabwala

[Pa sikirini: ndewu ya m'bala, mipando ikuthyoka, anthu akuuluka pawindo]

Moni nonse amene mukutionera. Tayang'anitsitsani ndewu iyi. Chimunthu chandevu chaima pakati pa bala, sichikuthamanga, sichikulewa, chikungodikira. Wina akabwera ndi mpando n'kuuswera pamsana pake, icho chimatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana ndi maso otopa, kenako chibakera chimodzi cha paliwombo, khu! Munthu pansi. Chapambali apo pali mnzake wochepa thupi, wa maso abuluu, akudumpha pamatebulo, akugawa makofi kwinaku akumwetulira. Tsono werengani akufa. Palibe. Funani magazi. Simuwapeza. Omenyedwawo akudzuka, akuzandima, akubwereranso kukalandira ena.

Awa ndi Bud Spencer ndi Terence Hill. Ambiri amene anawaonera amaganiza kuti ndi a ku America, chifukwa cha mayina awo ndi zipewa za makawuboyi. Ayi ndithu. Onse awiri ndi a ku Italy, ndipo mayinawa ndi a ntchito chabe. Lero ndikufuna ndikuonetseni kuti ndewu yopanda maliroyi sinangochitika yokha. Inachita kupangidwa, ndipo anaipanga ndi anthu ambiri amene mayina awo sitinkawawerenga n'komwe.

[Pa sikirini: zithunzi zakale za mnyamata wamtali ali m'mphepete mwa dziwe losambiramo]

Tiyambe ndi wamkuluyo. Dzina lake lenileni ndi Carlo Pedersoli, ndipo anabadwira ku Naples pa 31 Okutobala 1929. Mukamuona pazithunzi za unyamata wake simungamuzindikire: wamtali, wowongoka, wopanda ndevu, wopanda mimba. Anali katswiri wosambira. Mu Sepitembala 1950 anakhala Mtaliyana woyamba kusambira mamita 100 osakwanitsa mphindi imodzi, anamaliza m'masekondi 59.5. Anaimira dziko lake pa masewera a Olympics kawiri, ku Helsinki mu 1952 ndi ku Melbourne mu 1956, komanso ankasewera mpira wa m'madzi uja wotchedwa water polo mu timu ya dziko. Atasiya masewera anapita ku South America, kumene anagwirako ntchito yomanga msewu waukulu wa Pan-American Highway. Atabwerera kwawo anakwatira Maria Amato mu 1960, mwana wa Giuseppe Amato, mmodzi wa akuluakulu opanga mafilimu ku Rome. Komabe za mafilimu iye sizinkamukhudza mtima. Anaonekako pang'ono m'mafilimu angapo, monga msilikali wongoima mu Quo Vadis ya 1951, koma ankapeza chakudya polemba nyimbo zoti ena aziimba ndi ntchito zina.

Mnzakeyo njira yake inali ina. Mario Girotti anabadwira ku Venice pa 29 Malichi 1939, bambo ake Mtaliyana, mayi ake Mjeremani. Ubwana wake wina anakulira m'katauni ka Lommatzsch ku Germany, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, pafupi ndi mzinda wa Dresden umene unaphulitsidwa ndi mabomba mu 1945. Ali ndi zaka 12, wotsogolera mafilimu Dino Risi anamuona n'kumupatsa mbali m'filimu, ndipo kuyambira pamenepo Mario sanachokenso pamaso pa kamera. Mu 1963 anasewera mu The Leopard ya Luchino Visconti, filimu yolemekezeka kwambiri m'mbiri ya Italy, pambali pa Burt Lancaster ndi Alain Delon. Kenako anakagwira ntchito ku Germany m'mafilimu a makawuboyi a kumeneko. Choncho pamene awiriwa ankakumana, wina anali mmisiri wa zisudzo wa zaka zoposa 15 pantchito, winayo anali munthu wa masewera amene anangotengedwa chifukwa cha thupi lake.

[Pa sikirini: chipululu cha Almería ku Spain]

Chaka chake ndi 1967. Nthawi imeneyo ku Italy kunali kutatentha ndi mafilimu a makawuboyi. Sergio Leone anali atatsegula njira mu 1964 ndi A Fistful of Dollars, ndipo aliyense ankathamangira kuchipululu cha Almería ku Spain kukajambula America wa bodza. Kuti mafilimuwa agulike kunja, ngakhalenso kwawo komwe, opanga ake ankabisala m'mayina a Chingerezi. Leone yemweyo poyamba anadzilemba kuti Bob Robertson.

Giuseppe Colizzi ankakonza filimu yake ya God Forgives... I Don't! ndipo ankafuna chimunthu chachikulu. Anakumbukira Carlo Pedersoli. Monga ankafotokozera mwiniwake, sankadziwa kukwera hatchi, Chingerezi sankachitha, ndipo anavomera chifukwa anali ndi ngongole zofunika kubweza. Poganiza kuti ndi filimu imodzi basi, sanafune kuipitsa dzina limene analimanga m'masewera. Anatenga Bud kuchokera ku mowa wa Budweiser, Spencer kuchokera kwa Spencer Tracy amene ankamukonda. Mbali inayo inali ya munthu wina, Peter Martell, koma iye anathyoka phazi kujambula kutangotsala pang'ono kuyamba. M'malo mwake anaitana Mario Girotti, anamupatsa mndandanda wa mayina 20 kuti asankhepo limodzi pasanathe tsiku, ndipo anasankha Terence Hill.

Awiriwa anali ataonekapo kale m'filimu imodzi, Hannibal ya 1959, koma sanakumane pamaso pa kamera. Ku Almería ndiye kunali kuyamba kwenikweni. Koma musaganize kuti nthabwala zinayambira pomwepo. Mafilimu atatu amene anapanga ndi Colizzi, iyi ya 1967, Ace High ya 1968 ndi Boot Hill ya 1969, ndi mafilimu a mfuti, a kubwezera, anthu akufa. Nthabwala zilimo mwa apo ndi apo. Chimene anthu anaona n'chakuti wonenepa ndi wowondayu akaima pamodzi, maso safuna kuchoka pa iwo.

[Pa sikirini: hatchi ikukoka kabedi ka mitengo, munthu atagonapo]

Amene anatembenuza zonse ndi Enzo Barboni. Bamboyu anali wogwira kamera, ndipo ndi iye anajambula Django ya 1966, imodzi mwa mafilimu a makawuboyi ankhanza kwambiri a nthawi imeneyo. Anali atatopa nako kuphana. Analemba nkhani ya makawuboyi yoseketsa, anayenda nayo kwa anthu a ndalama, ambiri anaikana ati mukuchepa kuwomberana. Italo Zingarelli ndiye anavomera. Barboni naye anavala dzina lachilendo, E.B. Clucher, ndipo mu 1970 inatuluka They Call Me Trinity.

Tiime pang'ono pa chiyambi cha filimuyi, chifukwa zonse zili pamenepa. Ngwazi ya makawuboyi timaidziwa: imabwera itakhala njo pahatchi, nkhope yolimba. Trinity akubwera atagona chagada pa kabedi ka mitengo kokokedwa ndi hatchi yake, chipewa kumaso, nsapato atavula. Malaya ndi nsanza zokhazokha, thupi lonse fumbi mbuu. Akulowa m'nyumba yodyera, mwini malo akubwera ndi chiwaya chodzaza nyemba kuti amugawireko pang'ono m'mbale. Trinity akugwira chiwaya chonsecho. Akudya ndi chipande, akunyema buledi, akukombeza mpaka chiwaya mbee, akumwera, kenako akugeya. Kamera sikuthamanga, ikungomusiya adye, ndipo anthu awiri osaka zigawenga amene akhala patebulo lina akungomuyang'ana kukamwa yasa. Terence Hill ananenapo kuti anadzisala chakudya tsiku lonse kuti adye moona pamenepo, ndipo zimaoneka. Imeneyo si njala yoyerekeza.

Bud Spencer akusewera Bambino, mkulu wake wa Trinity, wakuba mahatchi amene akunamizira kukhala mkulu wa apolisi m'katauni kena. Safuna n'komwe kumuona mng'ono wakeyo. Koma Trinity akumukokera ku nkhani ya alimi a chipembedzo cha Mormon, anthu osagwira mfuti, amene mwini chuma wina, Major Harriman, akufuna kuwalanda chigwa chawo. Kunena zoona, kumayambiriro kwa filimuyi mfuti zikulirabe ndipo anthu angapo akufa. Koma pofika pa nkhondo yomaliza, pamene mafilimu onse a mtunduwu ankadzaza mitembo, Barboni akuchotsa mfuti m'manja mwa aliyense. Chotsala ndi zibakera, matabwa ndi miphika. Kwa ine apa ndi pamene awiriwa anabadwira.

Anthu anakhamukira kumalo oonetsera mafilimu. Chaka chotsatira, 1971, inabwera Trinity Is Still My Name, ndipo ku Italy kokha inagulitsa matikiti oposa 14 miliyoni. Ndi mafilimu ochepa kwambiri a ku Italy amene anayandikirako pa chiwerengero chimenecho. Muli malo ena m'filimuyi pamene Trinity akusolola mfuti, kuibwezera, kumenya munthu khofi, kusololanso mfuti, mobwerezabwereza, munthuyo asanaphethire. Mfuti ili m'manja, koma ntchito akugwira ndi khofi. Makolo anayamba kubwera ndi ana awo, chinthu chimene sakanachita ndi Django.

[Pa sikirini: ndewu ikuyenda pang'onopang'ono, chithunzi chikuima pa nkhope za omenyedwa]

Tsopano tiyeni tiione ndewuyi mkati mwake. Choyamba, chibakera sichifika. Chimadutsa pafupi ndi nkhope, kamera imaikidwa pamalo oti mpatawo usaoneke, ndipo phokoso lija, phwa! limaikidwa pambuyo pake mu situdiyo. Mutatseka mawu n'kuonera, theka la kukoma kwake limachoka. Chachiwiri, amene amachititsa kuti chibakera chioneke cholemera si womenyayo, ndi womenyedwayo. Iye ndi amene ayenera kugwedeza mutu pa nthawi yake yeniyeni, kutembenuka m'malere, kugwera patebulo osavulala. Awiriwa ankayenda ndi gulu lomwelomwelo la akatswiri a kugwa, zaka ndi zaka, ndipo amene ankakonza ndewu zambiri, kuwerengera aliyense mapazi ake monga zimakhalira pa gule, anali Giorgio Ubaldi.

Mukaonera mafilimu angapo motsatizana muyamba kuzindikira nkhope. Pali bambo wina wa ndevu za pamlomo wapamwamba, wamtali, wa nkhope yoopsa, amene nthawi zonse amabwera ndi matama n'kuchoka akulavula mano. Dzina lake ndi Riccardo Pizzuti. Munthu ameneyu ndimamulemekeza kwambiri. Anamenyedwa ku America wa makawuboyi, anamenyedwa ku Miami, ndipo kugwa kwake kulikonse kunali ntchito ya luso. Panalinso chifukwa china chimene gululi linkayenera kukhala la anthu odziwana: Bud Spencer sankaona patali, ndipo pojambula ankavula magalasi. Ndi munthu wa thupi limenelo akuponya mkono osakuona bwino, umafunika kudziwa wekha poima.

Aliyense anali ndi kamenyedwe kogwirizana ndi khalidwe lake. Bud sasuntha. Chake ndi khofi la dzanja lotambasula, ndi chibakera chija chotsika kuchokera kumwamba kufika paliwombo, chimene anzake pantchito ankachitcha nkhunda chifukwa cha mmene womenyedwayo amagwera. Terence ndi wa liwiro, wa misampha, amagwiritsa ntchito chilichonse chili pafupi. Ndipo nthabwala yaikulu si ndewuyo ayi, ndi ubale wawo. Pafupifupi m'filimu iliyonse, Bud amafuna zinthu ziwiri: mtendere ndi chakudya. Terence amamulanda zonse ziwiri. Wamkuluyo amadandaula, amaphimba nkhope ndi dzanja, amalumbira kuti ulendo uno salowerera, koma akaona wofooka akuponderezedwa, alimi, ana amasiye, okalamba, amapuma mozama n'kuvula jekete. Kawirikawiri pomaliza chuma chimene ankachifuna chimawapulumuka m'manja. Amapambana ndewu, koma salemera.

[Pa sikirini: kagalimoto kofiira ka denga lachikasu]

Mafilimu a makawuboyi atayamba kuzilala, iwo sanazilale nawo. Anangovula zipewa. Mu 1972 anali oyendetsa ndege ku Colombia mu All the Way, Boys. Mu 1974 inabwera Watch Out, We're Mad!, yojambulidwa kwambiri ku Madrid, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yokoma kuposa zonse za kunja kwa Trinity. Nkhani yake ndi yaing'ono zedi. Awiriwa afika limodzi pa mpikisano wa galimoto, mphoto ndi kagalimoto kamodzi koyenda mumchenga. Akupikisana kudya masoseji ndi kumwa mowa kuti aone mwini wake, zigawenga zikubwera n'kukatentha. Iwo sakufuna ndalama, sakufuna kubwezera. Akufuna kagalimoto kena, kofiira, ka denga lachikasu, basi. Mulinso malo aja Bud akuimba m'kwaya, munthu wolembedwa ganyu yopha akumusakasaka ndi mfuti, Terence akumunong'oneza pakati pa oimba. Palibe chibakera ngakhale chimodzi pamenepo, koma anthu amaseka mpaka misozi.

Nyimbo zake zinali za abale awiri, Guido ndi Maurizio De Angelis, amenenso anabisala m'dzina la Chingerezi, Oliver Onions. Kenako kunabwera mafilimu a ku Miami: Crime Busters mu 1977, Odds and Evens mu 1978, ndi ena otsatira.

[Pa sikirini: munthu ali pa maikolofoni mu situdiyo]

Pali chinsinsi china. Mawu amene anthu ankamva sanali awo. Ku Italy nthawi imeneyo mafilimu ambiri ankajambulidwa kaye, mawu n'kuikidwa pambuyo. M'Chitaliyana, mawu a Bud m'mafilimu ambiri anali a Glauco Onorato, a Terence anali a Pino Locchi. Ku Germany ndiye kunachitika zodabwitsa. Rainer Brandt, amene ankalemba mawu a Chijeremani a ambiri mwa mafilimuwa, sankangomasulira. Ankapeka nthabwala zake, mawu a mumsewu, zina zoti m'filimu yeniyeniyo mulibe, mpaka kuika mawu pamene munthu wapereka msana ku kamera. Amene munaonerapo filimu m'mavidiyo sho a kwathu kuno, DJ akulankhulira aliyense m'Chichewa n'kumathiramo zake, mukudziwa mphamvu ya zimenezi: filimu yachilendo imasanduka ya pakhomo. Ajeremani anawatenga awiriwa ngati awo, moti ngakhale ena mwa mafilimu akale a Colizzi aja, a mfuti ndi imfa, anawadula n'kuwaikanso mawu oseketsa kuti afanane ndi atsopanowo.

[Pa sikirini: mvuu zili m'madzi, galimoto ya alendo oona nyama]

Anafikanso kuno kummwera kwa Africa. I'm for the Hippopotamus ya 1979 nkhani yake imachitikira ku Rhodesia mu 1950, ndipo inajambulidwa ku South Africa. Bud amayendetsa alendo okasaka nyama koma amawapatsa zipolopolo zosapha, ndipo mdani wawo ndi munthu wogwira nyama zakutchire n'kumazigulitsa kunja. Mbali ya mdaniyo anasewera Joe Bugner, wankhonya weniweni amene anamenyanapo ndi Muhammad Ali kawiri. Chaka cha 1978 Bud yekha anali atapanga kale Flatfoot in Africa, limodzi ndi kamnyamata ka ku South Africa, Baldwyn Dakile.

Apa ndiyenera kunena zimene ndikuona. Mafilimuwa ndi okoma mtima, amaima kumbali ya nyama ndi ya anthu oponderezedwa. Koma anthu akuda m'menemo nthawi zambiri ndi ongodzaza chithunzi, oyembekezera kuti azungu awiri abwere kudzawapulumutsa. Ndipo anajambulidwa m'dziko limene panthawiyo linali pansi pa tsankho la apartheid, chinthu chimene filimu ya mvuuyo sichitchula. Ndimawakonda awiriwa, ndipo chifukwa chowakondacho sindingabise mbali imeneyi.

[Pa sikirini: wansembe ali panjinga m'misewu ya miyala]

Pofika m'ma 1980 njira ija inayamba kutha mphamvu. Nkhani zinali zomwezomwezo, matupi anali akukalamba. Miami Supercops ya 1985 inakhala ngati yotsanzika. Anadzakumananso mu 1994 mu Troublemakers, ya makawuboyi, yotsogoleredwa ndi Terence mwini, koma sinayende bwino pamsika. Kuwerengera ndi Hannibal ija, anaonekera limodzi m'mafilimu 18.

Aliyense anali ndi moyo wake. Terence anasewera ndi Henry Fonda mu My Name Is Nobody mu 1973. Mu 1990 mwana wake Ross anamwalira pa ngozi ya galimoto, ndipo bamboyu anasweka mtima kwa nthawi yaitali. Mu 2000 anayamba kuoneka pa wailesi ya kanema ya ku Italy ya Rai ngati Don Matteo, wansembe woyenda panjinga amene amathandiza apolisi kupeza olakwa, osati ndi makofi koma ndi kumvetsera anthu. Anakhala pa mbali imeneyi mpaka 2022. Bud anaphunzira kuyendetsa ndege, chilakolako chimene chinamugwira pojambula filimu ya ku Colombia ija, ndipo mu 1981 anayambitsa kampani ya ndege ya Mistral Air, imene pambuyo pake inakhala ya positi ofesi ya dziko la Italy.

Olemba ndemanga za mafilimu kwawo sanawawerengere kwa zaka zambiri. Ankati ndi zoseweretsa ana. Bud zinkamupweteka, ngakhale kuti iye mwini ankakonda kunena kuti katswiri wa zisudzo ndi Terence, iye ayi. Ulemu unabwera mochedwa, mu 2010, pamene onse awiri analandira mphoto ya David di Donatello, yaikulu kwambiri pa mafilimu ku Italy, chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse. Bud Spencer anamwalira ku Rome pa 27 Juni 2016 ali ndi zaka 86. Pa maliro ake Terence anauza anthu kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchito limodzi sanakanganepo.

Kunja ndiye sanadikire. Ku Hungary, kumene mafilimu awo ankaonetsedwa ngakhale m'nthawi ya ulamuliro wa chikomyunizimu, anaimika chiboliboli cha Bud mumzinda wa Budapest mu 2017, atanyamula chishalo cha hatchi paphewa. Ku Berlin anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zake mu 2021.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri inachitika iye ali moyo. Mu 2011 mzinda wa Schwäbisch Gmünd ku Germany unapempha anthu kuti apereke dzina la msewu watsopano wodutsa pansi pa nthaka. Anthu zikwizikwi pa intaneti anavotera dzina la Bud Spencer, ndipo linapambana kutalitali. Akuluakulu a mzindawo anakana, msewuwo anautcha Einhorn. Anthu sanakondwe, mpaka ena anayenda m'misewu kudandaula. Pamenepo khonsolo inakumbukira kuti mu 1951 mnyamata wina wa ku Italy, Carlo Pedersoli, anadzapikisana pa dziwe losambiramo la mumzindawo. Dziwelo analisintha dzina kukhala Bud Spencer Bad (m'Chijeremani, Bad ndi malo osambira), ndipo mu Disembala chaka chomwecho mkuluyu, ali ndi zaka 82, anabwera iye mwini ku mwambo wake.